Chopendama si chokhota

Ana asukulu ambiri akakumana ndi mawu achingerezi akuti oblique m'buku la masamu, amafulumira kunena kuti ndi chinthu chokhota. Ayi ndithu. Mzere wa oblique ndi wowongoka bwinobwino, kungoti sunaime njo komanso sunagone chopingasa. Wapendama basi. Ngodya ya madigiri 30 kapena 120 ndi oblique, koma ya madigiri 90 ayi. Mawuwa Angerezi anachita kubwereka ku Chilatini, komwe ankati obliquus.

Chimene chimandinyansa n'chakuti mwana akangomva "chokhota", amaganiza kuti chinthucho chinalakwika, pomwe kupendama kwina n'kwadala. Tayang'anani kumbuyo kwa chitseko cha matabwa. Kalipentala wodziwa ntchito amakhoma thabwa limodzi mopendama, kuchokera mmunsi kumbali ya mahinji kukwera kungodya inayo. Thabwa limenelo ndi lomwe limanyamula kulemera kwa chitseko kuti chisagwe mphuno n'kumakhula pansi. Akalikhoma mozondoka, pakapita nthawi mudzayamba kutsegula chitsekocho mochita kunyamula.

Osindikiza mabuku ndiye amasamala kwambiri. Kwa iwo, oblique ndi italic si chimodzi, ngakhale zonse ndi zilembo zopendama. Zilembo za italic zinatchuka ku Venice mu 1501, pamene Aldus Manutius anasindikiza ndakatulo za Virgil m'kabuku kakang'ono. Amene anazisema ndi Francesco Griffo, potengera kalembedwe ka pamanja. N'chifukwa chake "a" wa italic amakhala wozungulira, wopanda kangowe kapamwamba kaja. Koma m'zilembo zotchedwa Helvetica Oblique, "a" ndi yemwe uja wa masiku onse, angomukankhira kumanja. Mukadzadina Ctrl ndi I pakompyuta, mudzamuyang'anitsitse "a" ameneyo.

Kamzere aka / nakonso Angerezi ena amakatchula oblique. Agogo athu amakadziwa, chifukwa kwacha isanabwere mu 1971, mtengo wa mashilingi awiri ndi sikisipensi unkalembedwa 2/6.

Polankhula, mawu akuti oblique amanena za munthu wophiphiritsa, wodzudzula mnzake osatchula dzina. Ameneyotu sananame, wangodzera m'mbali.

Choncho inu aphunzitsi a masamu, musanalembe tanthauzo pabolodi, tulukani nawo anawo panja akaone chitseko, kapena makwerero otsamira pakhoma. Kenako muwafunse ngati chilipo chakhota.