Kaundula asaletse nyimbo pa maliro

Loweruka lapitali ndinali pa maliro a mayi wina ku Chinsapo. Anthu anadzaza bwalo, amayi atayala zitenje pansi, nkhuni zili pamoto, koma nyimbo kunalibe. Akuluampingo atatu anafika ndi kaundula m'khwapa, nakhala pa benchi kuseri kwa nyumba, chala chikuyenda pa mayina. Atamaliza anauza mwinimbumba kuti malemu sanapereke chopereka cha pamwezi chaka chonse, choncho kwaya siimba, abusa sabwera. Mpingowo sindiutchula, chifukwa zoterezi mwazionapo nanunso ku Kawale, ku Biwi ngakhale ku Mgona.

Mayiyu ankagulitsa tomato ndi masamba pamsewu. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndani wa geni yaing'ono amene sakudziwa kuti ndalama ya tsiku imathera pa ufa, makala ndi lendi? Atadwala miyezi ingapo, kaundula uja sanapite kukamuona. Anadikira tsiku la bokosi.

Malamulo a mpingo ndi ofunika, sindikutsutsa. Tchalitchi chimalipira magetsi, abusa nawonso amadya. Koma mwambo wa maliro umatonthoza otsala, ana amene ataya mayi wawo. Iwowo analakwa chiyani? Mwana woona mayi ake akuikidwa chete ngati wakuba, mudzamuuza chiyani kuti abwere ku Sande sukulu?

Ndi mtima womwewu umene umandiwawa pa nkhani ya mathalauza. Boma linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi lamulo la mu 1973, ndipo lamulolo linachoka pomwe tinkalowa m'ndale za zipani zambiri. Komabe mpaka lero mtsikana wochokera ku ntchito ya usiku ku Kanengo amabwezedwa pakhomo la tchalitchi chifukwa cha chovala. Wafuna Mulungu asanagone n'komwe, ife tikumuyeza nsalu.

Mmishonale Andrew Murray ndi anzake atafika ku Mvera mu 1889 anapeza anthu opanda khadi la mpingo ngakhale mmodzi, koma anawaphunzitsa ndi kuwapatsa mankhwala. Werengani Luka 10: amene anamulambalala munthu wovulala uja anali wansembe ndi Mlevi, anthu odziwa malamulo bwino lomwe. Pa Marko 3, Yesu anachiritsa wa dzanja lopuwala pa Sabata, osunga lamulo akuyang'ana.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene wagwira kaundula lero, ntchito ikhoza kumuthera, matenda n'kumugwetsa, dzina lake n'kukhala ndi mipata miyezi khumi.

Inu akuluampingo, ngati mkhristu wasiya kupereka, pitani kwawo akadali moyo mukafunse chavuta n'chiyani, mutanyamula kashuga m'manja. Akamwalira, siyani kaundula ku ofesi, bwerani ndi buku la nyimbo, mudzatiyimbire.