Za Nsomba za m'Galasi: Kusintha Madzi

Nditaleka zaka 5, ndayambanso kuweta mbuna, tinsomba tija ta m'miyala ya Nyanja ya Malawi. Ulendo woyamba ndinataya nsomba 6 tsiku limodzi, cifukwa ndinakhuthula madzi onse m'thanki ndi kuthiramo a pampopi.

Madzi a pampopi ali ndi klorini amene apha nsomba. Aphanso tizirombo tabwino ta m'sefa, timene ticotsa ululu wocokera m'ndowe za nsombazo.

Tsono citani tere. Sabata iri yonse tungani gawo limodzi lokha la magawo 4 a madzi. M'madzi atsopano thirani mankhwala ocotsa klorini. Kungowagoneka usiku sikukwanira, pakuti mizinda ina ithiramo kloramini amene sauluka msanga. Afunde monga akalewo, madigiri 24 kufikira 27. Sefa mutsukire m'madzi amene mwatungawo. Madzi oturuka mu mgodi musawayese n'komwe.

Popita ku chuthi kumudzi, phunzitsani mnzanu nchito imeneyi, ndipo mumuuze asacurutse cakudya, kuti pobwera mudzazipeze zamoyo. Tsalani bwino.