Mabwinja a ku Whitby ndi Nyimbo ya Woweta Ng'ombe



Mwezi uno tiyeni tiwoloke nyanja m'maganizo, tikacheze m'tawuni yaing'ono ya Whitby m'dziko la England. Ena mwa ife tili ndi ana kapena abale amene akuphunzira ndi kugwira ntchito ku Britain, ndipo tsiku lina akhoza kutifunsa za malo oyenera kukaona. Ambirife sitidzapondako, komabe zimene zinachitika kumeneko zikutikhudza, pakuti ndi gawo la mbiri ya Mpingo.

Whitby ili kumpoto chakum'mawa kwa England, m'chigawo cha North Yorkshire, pamene mtsinje wa Esk umathira m'nyanja ya North Sea. Muli anthu pafupifupi 13,000. Mtsinjewo unagawa tawuniyi pawiri, ndipo tsidya lililonse lili ndi chitunda chachitali choyang'ana kunyanja. Mlatho umene unamangidwa mu 1909 ndiwo umalumikiza matsidya awiriwa. Chombo chachitali chikafika, mlathowo umatembenuka n'kupereka njira, anthu ndi magalimoto ali chidikirire.

Mlendo ayambire pa chitunda cha kumadzulo. Pamenepo pali chosema cha Captain James Cook, chimene chinaimikidwa mu 1912. Cook anafika ku Whitby mu 1746 ali mnyamata, kudzaphunzira ntchito ya m'zombo zonyamula malasha kwa John Walker. Nyumba ya Walker, mumsewu wa Grape Lane, tsopano ndi yosungiramo zinthu zakale zokhudza Cook. Chombo chake chotchuka, Endeavour, chinakhomedwa padoko lomweli mu 1764, ndipo ndi chimene ananyamuka nacho mu 1768 pa ulendo umene unakamufikitsa ku Tahiti, New Zealand ndi Australia. A ku England amamutama ngati katswiri wa panyanja, pamene eni nthaka a maiko amenewo amakumbukiranso kuti atsamunda anadzera njira imene iye anatsegula. Pafupi ndi chosemacho pali chipata cha nsagwada ziwiri za namgumi, zazitali kwambiri moti munthu amadutsa pansi pake osawerama. Ndi chikumbutso cha nthawi imene amuna a ku Whitby ankapita kunyanja zozizira za ku Greenland kukapha anamgumi, kuti apeze mafuta a nyale.

Mukatsikira kudoko mupeza nyumba yosungiramo mbiri ya mabwato opulumutsira anthu panyanja. Pa 9 Febuluwale 1861 kunagwa namondwe woopsa. Amuna a m'bwato lopulumutsira analowa m'nyanja kangapo tsiku limenelo, kuchotsa anthu m'zombo zimene zinkasweka. Pa ulendo wotsiriza bwatolo linagudubuzika pafupi ndi gombe, abale awo akuona. Amuna 12 anamira. Anapulumuka ndi mmodzi yekha, Henry Freeman, amene anavala chovala chatsopano chothandiza munthu kuyandama pamadzi.

Tikawoloka mlatho tilowa mumsewu wopapatiza wa Church Street, mmene amagulitsa mikanda ndi ndolo za mwala wakuda bii wopezeka m'gombe la kumeneko. Mwalawu unatchuka pamene Mfumukazi Victoria ankauvala polira mwamuna wake, amene anamwalira mu 1861. Kumapeto kwa msewuwu ndi kumene kumayambira masitepe 199 okwerera ku chitunda cha kum'mawa. Poyamba anali amatabwa, ndipo amiyala anaikidwa mu 1774. M'njiramo muli malo athyathyathya okhala ndi mabenchi, pamene onyamula maliro ankatula bokosi kuti apumeko popita kumanda. Aliyense amene ananyamulapo maliro pokwera phiri amvetsa chifundo cha amene anakonza malowo. Musakwere mothamanga, paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamwamba pali tchalitchi cha St Mary, chimene chinayamba kumangidwa cha m'ma 1110. M'katimo mipando ndi yotchingidwa ndi matabwa ngati timakola tokhala ndi zitseko, ndipo gome lolalikirapo ndi losanjikizana katatu. Kumbuyo kwa gomelo kuli timalipenga timene mayi busa wina, amene anali wovutika kumva, ankaika kukhutu kuti amve ulaliki wa amuna awo. Alendo ambiri amafika pano chifukwa cha buku la nthano yoopsa lotchedwa Dracula, limene Bram Stoker anatulutsa mu 1897, ndipo ena amafunsa kumene kuli manda a munthu wa m'nthanoyo, amene sanakhaleko n'komwe. Pofunafuna manda osaoneka amalambalala mtanda wamwala umene uli pomwepo pothera masitepe. Mtandawo unaimikidwa mu 1898, ndipo anasemapo Khristu, Davide ali ndi zeze, mayi wina dzina lake Hilda ndi mwamuna wina dzina lake Caedmon. Tibwereranso kwa awiriwa.

Kuseri kwa tchalitchi kuli chimene chimaonekera kutali, pamtunda ndi panyanja pomwe: mabwinja a Whitby Abbey. Mu 657 mfumu Oswiu ya ku Northumbria inakhazikitsa pamalopo mudzi wa amuna ndi akazi odzipatula kuti atumikire Mulungu, ndipo mtsogoleri wawo anali Hilda. Wolemba mbiri Bede, amene anamaliza buku lake mu 731, akutiuza kuti mafumu ankabwera kudzapempha nzeru kwa mayiyu, ndi kuti amuna asanu ophunzitsidwa pamudzipo anadzakhala mabishopu.

Mu 664 pamalopa panachitika sinodi. Akhristu otsata mwambo wa ku Ireland ndi otsata mwambo wa ku Roma ankawerenga tsiku la Pasaka mosiyana, mwakuti m'nyumba ya mfumu momwe zinkatheka kuti mfumu ikukondwerera kuuka kwa Ambuye mkazi wake akadali pa kusala kudya. Atamva mbali zonse, Oswiu anagamula kuti atsate Roma. Bishopu Colman sanakhutire, ndipo anachoka ndi omutsatira. Hilda anali mbali ya ogonjawo, koma analandira chigamulo napitiriza ntchito mpaka imfa yake mu 680. Ife amene timadziwa mmene nkhani za kusinodi zimatenthera, tiyime pamenepa pang'ono.

Makoma amene mukaone si a nthawi ya Hilda. Mudzi wake unapasuka pamene ankhondo ochokera ku Denmark analowa m'dzikolo cha m'ma 867. Patapita zaka ngati 200 amonke anamanganso, ndipo kuyambira cha m'ma 1220 anadzutsa tchalitchi chachikulu cha miyala yosema. Mfumu Henry VIII inatseka malowa mu 1539. Denga linatha, nsanja inagwa mu 1830, ndipo pa 16 Disembala 1914 zombo zankhondo za Germany zinawombera zotsalazo. Lero mazenera ataliatali angoti pululu, mphepo ya kunyanja ikudutsamo.

Nanga Caedmon anali yani? Anali woweta ziweto za pamudzi wa Hilda, munthu wachikulire, wosaphunzira. Bede akusimba kuti pamaphwando anthu ankapatsirana zeze kuti aliyense ayimbeko. Caedmon akaona kuti zeze wayandikira, ankanyamuka mwamanyazi n'kutuluka. Usiku wina atatero anakagona kukhola, pakuti inali nthawi yake yolondera ng'ombe. M'maloto wina anamuitana ndi dzina lake namuuza kuti ayimbe. Iye anakana nati sadziwa, koma anauzidwa kuti ayimbe za chiyambi cha zolengedwa. Pomwepo anayimba mawu otamanda Mlengi amene anali asanawamvepo. Kutacha anakauza kapitawo wake, ndipo kapitawoyo anapita naye kwa Hilda.

Taonani zimene mayiyu anachita. Anaitana anthu ophunzira kuti amumvere. Anamufotokozera ndime ya m'Malembo namutuma kuti akaisandutse nyimbo, ndipo m'mawa mwake anabwera nayo. Atatsimikiza kuti mphatsoyo ndi yochokera kwa Mulungu, Hilda anamuchotsa kukhola nalamula kuti aphunzitsidwe mbiri yonse ya m'Baibulo. Bede akumuyerekeza ndi ng'ombe yobzikula: ankamva, n'kusinkhasinkha, n'kutulutsa nyimbo. Anayimba za chilengedwe, za kutuluka kwa Aisraeli mu Ejipito, za kubadwa, imfa ndi kuuka kwa Ambuye, za kudza kwa Mzimu Woyera ndi za chiweruzo.

Masiku amenewo mapemphero ndi mabuku zinali m'Chilatini, chinenero cha ophunzira. Caedmon anayimba m'Chingerezi chakale, chimene anthu ankalankhula kumunda ndi kukhola. Mwa nyimbo zake zonse inatsala imodzi ya mizere 9, ndipo iye ndiye mlakatuli woyambirira wa Chingerezi amene dzina lake likudziwika. Makoma a amisiri anagumuka, nyimbo ya kukhola ikuwerengedwabe patatha zaka zoposa 1,300.

Abale, ifenso tili ndi chinenero cha kusukulu ndi ku maofesi, Chipwitikizi, ndipo tichiphunzire mwakhama. Koma pali ena pakati pathu amene amakhala chete m'mpingo poopa kuti sanapite patali ndi sukulu. Zeze akayandikira amatuluka. Mwina ndi mnyamata woweta ng'ombe amene amapeka nyimbo kudambo, mwina ndi mayi wa chigwirizano amene sadziwa kulemba dzina lake koma amasunga ulaliki wonse pamtima. Pakanapanda kapitawo womuperekeza ndi Hilda womumvera, Caedmon akanafera kukhola ndi nyimbo zake. Choncho akulu a mpingo, atsogoleri a makwaya ndi aphunzitsi a Sande sukulu, ndikukupemphani: funafunani anthu otere, muwamvere, muyese mphatso zawo ndi Malembo, kenaka muwaphunzitse ndi kuwapatsa malo.

Amene mudzakhale ndi mwayi wofika ku Whitby, valani zofunda, chifukwa mphepo ya pachitunda imaluma ngakhale m'nyengo yofunda. Dyani nsomba zapadoko, onani zonse tatchulazi, koma mukamaliza masitepe 199 aja muyime kaye pa mtanda wa Caedmon musanathamangire ku mabwinja.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse.

Ine mbusa wanu.