Ngongole ndi Zinsinsi za Boma: M'mene Ayesera Anchito ku America

Ku America munthu aliyense amene nchito yake imfikitsa pa makalata a chinsinsi a Boma, kaya ndi msilikali, kaya kalaliki wa mu unduna, kaya mmisiri wa kampani yopanga zida za nkhondo, ayenera kuyamba walandira chilolezo chapadera chotsimikiza kuti ngwokhulupirika. Ambiri pakumva zimenezi aganiza kuti ofufuza a Boma amangosaka anthu a mtima woukira, kapena amene ali pa ubwenzi ndi maiko achilendo. Inde, otere amawasaka ndithu. Koma mirandu yofika ku bwalo la Unduna wa Chitetezo limene liweruza za zilolezo izi, lotchedwa Defense Office of Hearings and Appeals, isonyeza kuti chimene chigwetsa anthu kawirikawiri koposa zina ndicho ngongole yosabweza.

Tsono awerengi adzafunsa kuti, kodi mangawa a munthu kusitolo kapena kubanki akhudzana bwanji ndi chitetezo cha dziko? Boma la America lidaphunzira yankho lake mwa njira yowawa. M'chaka cha 1967 John Walker, wa gulu la nkhondo la pamadzi, amene anali kusunga makiyi a mauthenga obisika, adapanikizika ndi ngongole chifukwa nyumba ya mowa imene adatsegula sinali kupindula. Iye adalowa mu ofesi ya kazembe wa Soviet Union mu Washington nagulitsa zimene adamsungitsa, ndipo adachitabe malonda amenewa kufikira 1985, pamene adagwidwa, mkazi amene adalekana naye atakamuulula kwa apolisi a FBI.

M'chaka chomwecho cha 1985 Aldrich Ames, mkulu wa m'bungwe la ukazitape la CIA, amene ukwati wake woyamba unali kutha ndipo ngongole zinali zitamuunjikira, adapita ku ofesi yomweyo napempha madola 50,000. Ndalamazo zikadatha kutseka dzenje limene anali nalo, koma munthu akangogulitsa kamodzi, wogulayo wamgwira pakhosi. Ames adapereka maina a anthu a ku Soviet Union amene anali kuthandiza America mobisa, ndipo osachepera khumi a iwo adaphedwa. Chodabwitsa nchakuti m'chaka cha 1989 iye adagula nyumba ku Arlington pa madola 540,000, nalipira zonse nthawi imodzi, nayenda pa galimoto ya Jaguar, pamene malipiro ake sanali kufika madola 70,000 pa chaka. Komabe adagwidwa mu February 1994. Zaka zonsezo akulu ake anali kuona, koma funso lakuti ndalama zichokera kuti lidachedwa kulondoledwa.

Pambuyo pa manyazi amenewa, mu 1995, Pulezidenti Clinton adasaina lamulo nambala 12968, limene liti wofuna chilolezo avomere mwa kulemba kuti ofufuza aone mabuku a ndalama zake. Malangizo amene oweruza atsata lero adayamba kugwira nchito mu June 2017, ndipo ali ndi mitu 13, yolembedwa ndi zilembo kuyambira A kufikira M. Mutu wa za ndalama ndiwo F. Maganizo ake ndi awiri. Loyamba ndi lija taona pa Walker ndi Ames, kuti munthu wopanikizika anyengeka msanga. Lachiwiri ndilo lifika pa anthu ochuluka, ngakhale amene sanalotepo zogulitsa dziko lao: munthu amene alonjeza kulipira nanyozera lonjezo lake, kapena amene sasamala za msonkho wa Boma, aonetsa khalidwe lopeputsa malamulo, ndipo zinsinsi zisungika ndi malamulo ang'onoang'ono otopetsa amene munthu ayenera kuwatsata tsiku ndi tsiku popanda womuyang'anira. Mutu womwewo utchulanso juga yosaletseka, ndi chuma chimene mwini wake sangathe kulongosola gwero lake.

Apa mpofunika kumvetsa bwino, pakuti ambiri asokera pomwepa. Malangizowo sanena kuti wangongole aliyense amanidwe. Satchula ngakhale chiwerengero cha madola chimene munthu akachipitirira wagwa. Ngongole ya nyumba kapena ya sukulu, ngakhale ikule chotani, siri mlandu malinga munthu akulipira monga adapangana. Pepala lalitali limene wopempha adzaza, lotchedwa SF-86, lifunsa za zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo: ngati adalephera kupereka msonkho, ngati bwalo lidamuweruza kuti wagwa mphwayi pa chuma, ngati adalandidwa katundu, ndiponso ngati pali ngongole imene adachedwa nayo masiku oposa 120. Tsono oweruza afuna kudziwa zinthu ziwiri: ngongoleyo idadza bwanji, ndipo mwini wake adachitapo chiani. Akakhala kuti adachotsedwa nchito, kapena adadwala, kapena adaferedwa, kapena ukwati udatha, kapena adakodwa ndi obwereketsa a mtundu wa katapila, zimenezo zimpeputsira mlandu, koma pokhapokha ataonetsa kuti m'mavutomo adachita mwa nzeru: adakaonana ndi eni ndalama, adapangana nao, ndipo ali ndi malisiti osonyeza kuti wakhala akulipira, ngakhale pang'onopang'ono. Munthu wa ngongole yaing'ono amene adangotaya makalata a chikumbutso osawatsegula akhoza kugwa, pamene mnzake wa ngongole yaikulu amene asunga pangano lake apulumuka. Ndipo kuthamangira kukalipira zonse m'sabata ya mlandu sikukondweretsa oweruza kwenikweni, popeza iwo ayesa khalidwe la zaka, osati mantha a tsiku limodzi.

Choipa koposa ndicho kubisa. Wonama pa pepala lija wapalamula mlandu umene chilango chake chifika zaka zisanu m'ndende, ndipo ngakhale asamangidwe, wadzionjezera mutu wina, wa E, wonena za kukhulupirika kwa mau a munthu. Ofufuza amaitanitsa okha mbiri ya ngongole za wopemphayo, kotero kuti chimene wabisa amachipeza m'masiku owerengeka. Ngongole ikhoza kubwezedwa mlandu usanathe. Bodza liribe kobwezera kotere.

Sitinganene kuti dongosololi liribe kulemera kwake. Ligwa kwambiri pa anchito a malipiro ochepa, amene matenda a mwana mmodzi akhoza kuwaponya m'ngongole m'dziko limene chipatala chiri chodula. Wokanizidwa amalandira kalata yolongosola zifukwa, ndipo aloledwa kuyankha ndi kuchita apilo. Koma pakatsala kukaika, malangizo ati chikaikocho chigamulidwe mokomera chitetezo cha dziko, ndipo Bwalo Lalikulu lidanena mu 1988, pa mlandu wa Egan, kuti palibe munthu amene chilolezo chotere ndi ufulu wake. Nthawi zina Boma lomwe ndilo liutsa vutolo. Kuyambira December 2018 kufikira January 2019, aphungu ndi Pulezidenti atalephera kugwirizana pa za ndalama za Boma, anchito pafupifupi 800,000 adakhala masiku 35 osalandira malipiro. Ngongole yobadwa m'nyengo yotere ife tiyesa kuti ndiyo chitsanzo choyera cha vuto losachokera kwa mwini, ndipo Boma lanzeru siliyenera kulanga wanchito chifukwa cha kuchedwa kwa thumba lake lomwe.

Anchito achikulire a kuno kwathu sadzaona zonsezi ngati zachilendo. Malamulo a nchito za Boma a m'maiko olamulidwa ndi Britain, Nyasaland pamodzi, anali kunena kuti kumira m'ngongole kuchepetsa mphamvu ya wanchito pa udindo wake, ndipo kukhoza kumtengera ku chilango. Chimene chasintha ku America ndicho liwiro. Kale munthu anali kufufuzidwanso patapita zaka zisanu kapena khumi, malinga ndi msinkhu wa chilolezo chake. Kuyambira 2021 Unduna wa Chitetezo udaika anthu ake onse a zilolezo pa kaundula wa makompyuta amene ayang'ana mabuku a ngongole ndi a mabwalo kosalekeza, kotero kuti wanchito amene walephera kulipira angachite bwino kukauza yekha mkulu wa chitetezo pa ofesi yake, chenjezo la makina lisanamtsogolere.