ZA CILOLEZO CA MFUTI: MAU OTI TIKAMBIRANE PA MSONKHANO ULINKUDZA

Kwa Makosi, Mafumu ndi abale onse a Msonkhano.

Kwamveka mau muno m'Mzuzu akuti lamulo la cilolezo ca mfuti liri goli limene Azungu anatisiyira, ndi kuti mfulu iyenera kugula ndi kugulitsa mfuti monga igulira khasu. Mlembi wanu akana mau amenewa, napempha kuti muwayese bwino musanafike.

1. Coona tisacibise. Pangano la ku Brussels la 1890 linatsekereza mfuti zatsopano kwa anthu akuda, pamene Mzungu anali nazo m'nyumba mwace. Mu January 1915 anthu a John Chilembwe anapita usiku ku Mandala kukafuna mfuti, pakuti anali nazo zowerengeka. Lamulo la nyama la 1926 linacepetsa ufulu wa kusaka, nyama zirikutha minda. Makolo athu anadandaula, ndipo sanalakwe. Koma coipa ca malamulo aja cinali tsankho. Wakucotsa tsankho acita bwino. Wakutaya lamulo lonse apsereza nkhokwe cifukwa ca khoswe.

2. Kodi taiwala msika wa mfuti wopanda cilolezo? Unalipo m'dziko lino. Ku Karonga, masiku a Mlozi, mfuti ndi wonga zinagulidwa ndi minyanga ndi anthu amoyo, ndipo midzi ya Ankhonde inatenthedwa kufikira iye anagonjetsedwa mu 1895. Nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, koma mfuti zace za AK-47 sizinathe nayo pamodzi: zinaoloka malire, nizigwira nchito m'manja mwa acifwamba. Khasu likutha ndi kulima, koma mfuti yosungidwa bwino ipha mdzukulu wa iye amene anaigula.

3. Lamulo lathu la mfuti la 1967 lifuna kuti wogula ayambe walandira cilolezo, mwini mfuti akonzenso laisensi yace caka ndi caka, ndi wogulitsa akhale ndi laisensi ya malonda amenewa. Nzeru yace ndi iyi: mfuti iri ndi nambala, ndipo nambalayo imangidwa ku dzina la munthu m'buku la Polisi. Mwazi ukakhetsedwa, bukulo lisonyeza pakhomo poyambira kufunsa. Koma munthu akagulitsa mfuti kwa mnzace kuseri kwa nyumba, kapena mwana akatenga ya atate wace omwalira osakalembetsa, cingwe cija caduka. Maiko a SADC anapangana za kulemba ndi kuzindikiritsa mfuti mu 2001, ndipo panganolo linasainidwa ku Blantyre, kwathu konkuno.

4. Ena ati, Nanga mlimi wa pafupi ndi Vwaza, amene njobvu zimdyera cimanga usiku umodzi? Kulira kwace ndi kwa ife tonse. Koma gogodera wosulidwa m'tengo aphulikira mwini wace kawirikawiri, ndipo njobvu yolasidwa yosafa ibwera ndi ukali woposa kale. Cimene mlimi ayenera kulandira ndico mpanda wolimba ndi alonda a nyama akufika tsiku lomwe aitanidwa.

5. Tsono mau athu aakuru apite kwa Boma, pakuti lamulo logwira wosauka yekha ndilo tsankho lija labweranso. Mzuzu adziwa ici koposa midzi ina. Mu December 1993 a Young Pioneers, amene anali ndi nkhokwe zao za zida, anaombera asilikari muno, ndipo potero panayamba Operation Bwezani. Pa 20 July 2011 ndi tsiku lotsatira anthu 20 anafa m'dziko lino pa zionetsero, ndipo maliro anacuruka koposa muno m'Mzuzu. Ena agona ku Zolozolo. Mfuti zimene zinalira masiku amenewo sizinali za alimi. Akuru anati khoswe akakhala pamkhate sapheka; ife tinena kuti wokhala pamkhate ayambe ndiye kuwerengedwa.

6. Cifukwa cace mlembi aika pamaso panu mfundo izi:
(a) Cilolezo cikhalebe, ndipo pasakhale kugulitsa, kubwereka kapena kulowa mfuti ya masiye popanda kulembetsa.
(b) Wopempha cilolezo abwere ndi kalata ya mfumu yace, pakuti mfumu idziwa woledzera ndi womenya mkazi, zimene kalaliki wa kutali sangazione pa pepala.
(c) Nchito yonse ya cilolezo ya cigawo cino ithere muno m'Mzuzu, pa mtengo wolembedwa poyera.
(d) Mfuti za Boma ndi zipolopolo zace ziwerengedwe caka ndi caka, ndipo ciwerengeroco ciperekedwe ku Nyumba ya Malamulo.

Mafumu afunse anthu ao pabwalo asananyamuke, kuti pobvomera kapena pokana tilankhule mau a midzi yathu.

Ndine mtumiki wanu,
MLEMBI WA MSONKHANO.