ATULUKA M'NDENDE, NANGA MATENDA AKE ATSALA NDI YANI?

Pa tchuthi chapitachi ndinapeza malume ali pakhomo, atatulutsidwa m'ndende pa chikhululukiro cha Pulezidenti. Tonse tinakondwa. Koma usiku wina tikuotha moto anandiuza kuti ali mkatimo anawayeza magazi n'kuwapeza ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis C. Nditawafunsa kuti azikalandira kuti mankhwala, anangotambasula manja. Pachipata anawapatsa jumbo ya zovala zawo basi, popanda kalata ya kuchipatala ngakhale dzina la dokotala woti akaonane naye.

Anzanga owerenga, ine ndikuona kuti pamenepa pali polakwika. Kachilombo ka matendawa kamayenda m'magazi, ndipo kamafala pobwerekana jakisoni, singano, lezala kapena zida zotemera mphini. Nanga m'chipinda chodzaza akaidi, momwe lezala limodzi limameta mitu khumi, tikudabwanji? Choopsa n'chakuti munthu amatha zaka zambiri osamva kalikonse chiwindi chikuonongeka pang'onopang'ono, mpaka chimauma kapena kugwidwa khansa. Malume amalima bwinobwino, ndiye amati palibe chothamangira.

Chimene chikundiwawa n'chakuti matendawa ndi ochizika. Kachilomboka kanadziwika mu 1989, ndipo akatswiri atatu amene anakatulukira analandira mphoto ya Nobel mu 2020. Katemera palibe, koma alipo mapiritsi monga sofosbuvir omwe, akaphatikizidwa ndi ena n'kumwedwa pafupifupi milungu 12, amachiza anthu oposa 95 mwa 100 aliwonse. Dziko la Egypt, lomwe linazunzika kwambiri ndi matendawa, linayeza anthu mamiliyoni ambiri kuyambira mu 2018 n'kuwapatsa mankhwala. Choncho nkhani si yakuti mankhwala kulibe ayi, koma kuti pakati pa chipata cha ndende ndi khomo la chipatala palibe womugwira dzanja wodwalayo.

Ena adzati munthu wamkulu adzipitire yekha. Koma wotuluka kumene amayamba waganiza za nsima, pogona, ndi manyazi pamaso pa anthu a m'mudzi. Ndalama ya basi yopita kuchipatala chachikulu aitenga kuti? Womwa ma ARV akamasamuka amapatsidwa kalata yoti akapitirizire mankhwala kwina. Chovuta n'chiyani kuchita chimodzimodzi kwa wodwala chiwindi, kulemba zotsatira m'buku lake la kuchipatala, pamodzi ndi tsiku ndi malo oti akaonekere, asanatuluke?

Ifenso a Mpingo tisadzichotsepo. Timapita kukacheza ndi akaidi titanyamula sopo ndi shuga, tiimba nawo, koma akatuluka sitiwadziwanso. Bambo mlaliki wa kundende atati azidziwitsa mphakati wa kwawo kwa munthuyo, iye mwini atavomera, sipangasowe mkhristu mmodzi womuperekeza.

Malume anawaperekeza ndi amayi, atagulitsa nkhuku ziwiri. Anauzidwa kuti adzabwerenso kudzayezedwa kachiwiri, ndipo m'kalata yomwe ndalandira sabata yatha amayi akuti ya basi sinapezeke.