MKODZO NDI MTHENGA WA IMPSO

Mwa ziwalo zonse za m'thupi, impso ndizo zimene anthu saziganizira kawirikawiri. Mtima umamveka kugunda, mimba imalira ikamva njala, koma impso zimagwira ntchito mwakachetechete usana ndi usiku, ndipo zikayamba kuonongeka sizipweteka msanga. Njira yapafupi imene munthu wakumudzi angadziwire za moyo wa impso zake ndiyo kuyang'ana mkodzo: kuchuluka kwake, mtundu wake, ndi ngati muli magazi kapena thovu. Tsoka ilo, ambiri amachita manyazi ndi nkhani imeneyi, mwakuti ngakhale pamaso pa dokotala amangoti "m'thupi simuli bwino." M'boma la Phalombe, kumene likodzo, malungo ndi matenda otsekula m'mimba ndi osasowa, manyazi otere ndi oopsa. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ntchito ya impso

Munthu ali ndi impso ziwiri, ina kumanja ina kumanzere, chakumsana m'munsi mwa nthiti. Iliyonse ndi yooneka ngati nyemba, ndipo kukula kwake ndi ngati nkhonya ya mwini wake. Mkati mwa impso imodzi muli tisefa ting'onoting'ono pafupifupi 1,000,000 tosaoneka ndi maso. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita 5, ndipo pa magazi onse amene mtima umapopa, gawo limodzi mwa magawo 5 limadzera ku impso.

Popeza magazi omwewo amazungulira mobwerezabwereza, tisefa timeneti timatsanula madzi okwana malita 180 pa tsiku kuchokera m'magazi. Amenewa ndi madzi odzaza ndowa 9 za malita 20. Akanati onsewa azituluka kunja, munthu sakanafika madzulo ali moyo. Koma kasefa kalikonse kali ndi kanjira kake kakatali kokhotakhota, ndipo pamene madzi akuyenda m'kanjirako, thupi limatenganso madzi, shuga ndi mchere umene likuufuna. Pa malita 100 alionse, 99 amabwerera m'magazi. Chotsala ndi lita imodzi ndi theka pa tsiku, momwe muli zonyansa zonse zimene thupi lazikana. Umenewu ndiwo mkodzo, umene umatsika pa timipaipi tiwiri kupita m'chikhodzodzo. Ntchitoyi ikufanana ndi ya mayi wopeta mpunga: zonse zimaponyedwa m'mwamba, koma mpunga umabwerera m'lichero pamene mankhusu amapita ndi mphepo.

Kusunga muyeso wa madzi

Kuposa theka la kulemera kwa munthu ndi madzi. Madziwa amatayika tsiku lililonse m'thukuta, mu mpweya, m'chimbudzi ndi mu mkodzo, ndipo impso ndizo zimaonetsetsa kuti otuluka asapose olowa. Mlimi akamasosa m'munda mwezi wa October amatuluka thukuta lambiri, motero mchere umachuluka m'magazi mwake. Ubongo umazindikira zimenezi msanga. Umadzutsa ludzu, komanso umatumiza m'magazi mankhwala achibadwa ouza impso kuti zigwire madzi. Ndi chifukwa chake mkodzo wa mlimi uja umakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri. Akamwa madzi kapena thobwa lokwanira, uthenga uja umachepa, impso zimamasula madzi, mkodzo nkuchuluka ndi kuyera. Mowa umatsekereza uthenga umenewu, nchifukwa chake womwa kachasu amakodza pafupipafupi nadzuka m'mawa kukhosi kuli gwa.

Komabe impso sizingasiye kukodzetsa kotheratu. Zimafuna madzi pafupifupi theka la lita pa tsiku kuti zonyansa zipeze chozinyamula. Anthu a ku Phalombe akudziwa za nyanja ya Chilwa. Mitsinje monga Phalombe imathira m'nyanjayi, koma palibe mtsinje wotulukamo, nchifukwa chake madzi ake ndi amchere, ndipo mcherewo umanyanya pamene nyanja ikuphwa, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995. Thupi limene impso zake zaima limakhala lotero. Mchere ndi zonyansa zimaunjikana m'magazi, miyendo ndi nkhope zimatupa, munthu amachita nseru, amabanika, kenaka amakomoka. Kuonjezera apo, impso zimathandiza kuti magazi asathamange mopitirira muyeso, ndiponso zimatumiza uthenga m'mafupa kuti apange magazi atsopano. Kotero wodwala impso amachepanso magazi.

Mkodzo ukachepa

Uthenga woyamba umene suyenera kunyozedwa ndi kuchepa kwa mkodzo pa munthu wotsekula m'mimba kapena wosanza. Wodwala kolera angataye lita imodzi ya madzi pa ola limodzi. Magazi amachepa, impso zimasowa chosefa, ndipo zikakhala choncho nthawi yaitali tisefa tija timaonongeka. Mu 2022 ndi 2023 mliri wa kolera unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. M'kati mwa mliriwo, mu March 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa zimbudzi ndi kukwirira zitsime m'maboma a Phalombe ndi Mulanje, ndipo mabanja ambiri anatsala opanda madzi abwino.

Alipo makolo ena amene amaganiza kuti mwana wotsekula m'mimba asamapatsidwe madzi kuti m'mimba muume. Maganizo amenewa ndi olakwika, pakuti chimene chimapha mwanayo ndi kutha kwa madzi m'thupi. Paketi imodzi ya Thanzi ORS isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo wodwala azimwa pang'onopang'ono kosalekeza, ngakhale pa ulendo wopita kuchipatala. Otsala akatha maola 24 atayidwe. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Mayi ayenera kuonetsetsa matewera kapena nsalu za mwana wake. Ngati papita maola 6 mwana osakodza, maso alowa, ndiponso liwombo lalowa, asadikire kuti kuche. Chimodzimodzinso wodwala malungo amene mkodzo wake wada ngati tiyi wopanda mkaka ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo.

Mkodzo wa magazi

Uthenga wachiwiri ndi magazi amene amadontha pothera pa kukodza. M'midzi ina zimenezi zinazolowereka kwambiri, mwakuti ena amati mnyamata wotere ndiye kuti akukula. Kukula sikubweretsa magazi mu mkodzo. Amenewa ndi matenda a likodzo, amene njoka zake anazitulukira ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, mu mzinda wa Cairo mu 1851.

Wodwala likodzo akakodza m'madzi, mazira a njokazi amaswa, ndipo tizirombo take timalowa mu nkhono za m'madzi momwe timaswana. Tikatuluka mu nkhonozo timaboola khungu la aliyense amene akusamba, kuchapa, kuwedza kapena kupalira mpunga m'madzimo. M'thupi timakula nkukhala njoka zimene zimakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, ndipo zimaikira mazira tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Mazira ena amatuluka ndi mkodzo, ndipo ndiwo amang'amba chikhodzodzo nkutulutsa magazi. Ena amakanirira m'kati nkusiya zipsera. Zipserazi zikatseka timipaipi tochokera ku impso, mkodzo umabwerera m'mbuyo, impso zimatupa ndi kufa pang'onopang'ono. Nthawi imeneyi magazi mu mkodzo angakhale atasiya kalekale, munthu nkumaganiza kuti anachira. Kwa amayi likodzo limayambitsanso zilonda za kumaliseche ndi kuvuta kwa kubereka.

Mankhwala ake ndi mapiritsi a praziquantel, amene amaperekedwa m'zipatala ndiponso pa nthawi zina m'sukulu. Makolo ena amaletsa ana ao kulandira mapiritsiwa chifukwa amachititsa chizungulire kapena kupweteka kwa m'mimba. Zimenezi sizikhalitsa, ndipo zimachepa ngati mwana wayamba wadya nsima kapena phala. Chizungulire cha tsiku limodzi sichingafanane ndi impso yakufa.

Wina anganene kuti malangizo opewa madzi a m'dambo ndi osatheka kuwatsata, ndipo akunena zoona. Msodzi wogona pa chimbowera pakati pa nyanja ya Chilwa sangapewe madzi, ndipo mlimi wa mpunga sangaoke mbande ataima pamtunda. Koma pali zinthu ziwiri zimene angathe. Choyamba ndi kulandira mankhwala nthawi iliyonse pamene a zaumoyo akugawa, pakuti munthu wochira amatenganso likodzo akabwerera m'madzi omwewo. Chachiwiri ndi kusakodza m'madzi kapena pafupi ndi madzi. Nkhono payokha ilibe likodzo. Imalitenga kwa munthu, ndipo mudzi umene anthu ake onse amagwiritsa ntchito chimbudzi umadula njira ya matendawa.

Adani obisala

Uthenga wachitatu umabwera mochedwa, makamaka kwa akuluakulu: thovu losatha msanga mu mkodzo, kudzuka kambirimbiri usiku kukakodza, ndi kutupa kwa mapazi kapena zikope. Pa dziko lonse lapansi, matenda amene amaononga impso za anthu ambiri ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Awiriwa amadya tisefa tija kwa zaka zambiri munthu osamva kupweteka kulikonse, ndipo kasefa kakafa sikameranso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limalangiza kuti mchere wa munthu wamkulu usafike magalamu 5 pa tsiku, umene ndi wosadzaza sipuni yaing'ono ya tiyi. Muyeso umenewu ukuphatikiza mchere wa m'ndiwo, wa m'nsomba zouma ndi wa pa tchipisi.

Mapiritsi oletsa ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene anthu amagula m'magolosale, amachepetsa magazi opita ku impso. Ndi oopsa kwa munthu wowamwa tsiku ndi tsiku, makamaka amene watsekula m'mimba kapena wagwira ntchito padzuwa osamwa madzi. Mankhwala azitsamba nawo amadutsa mu impso zomwezo, ndipo ena mphamvu yake sidziwika. Wodwala asabise kwa dokotala zimene wamwa kunyumba. Amayi oyembekezera asaphonye sikelo, pakuti kutupa kwa nkhope ndi manja pamodzi ndi kupweteka kwa mutu ndi chizindikiro choopsa kwa mayi ndi mwana yemwe.

Chipatala nkutali?

Dandaulo la ambiri ndi lakuti chipatala chili kutali, ndipo kutaya tsiku lonse chifukwa cha mkodzo chabe ndi kusokoneza ntchito. Dandauloli ndi lomveka, makamaka m'nyengo ya mvula pamene mitsinje yochokera m'mapiri a Mulanje ndi Michesi yadzaza. Koma munthu ayerekeze maulendo awiri. Ulendo wa ku Migowi, ku Nambazo, ku Chitekesa kapena ku Holy Family ndi wa tsiku limodzi. Amene impso zake zafa kotheratu amadalira makina osefa magazi, opezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Pa makinawa munthu amakhalapo maola pafupifupi 4, kawiri kapena katatu pa mlungu, moyo wake wonse. Makinawo ndi ochepa, ndipo banja la mlimi silingathe kulipira galimoto yopita ku Blantyre mlungu ndi mlungu.

Kotero udindo uli pa onse. Makolo afunse ana ao za mkodzo mopanda manyazi, monga amafunsira za mutu kapena malungo. Aphunzitsi alimbikitse ana kulandira mankhwala a likodzo. Mafumu aonetsetse kuti khomo lililonse lili ndi chimbudzi, ndiponso kuti pamadoko ndi m'minda ya mpunga pali zimbudzi. Ogwira ntchito m'zipatala nawo amvetsere wodwala mwaulemu, amuyeze kuthamanga kwa magazi ndi mkodzo, pakuti munthu wokalipiridwa lero sadzaululanso vuto lake mawa. Ndipo aliyense wopita kumunda, kunyanja kapena kumsika anyamule madzi abwino akumwa, nayang'ane mkodzo wake tsiku lililonse. Ukakhala wachikasu chowala, impso zili pa mtendere. Ukachepa, ukada, ukakhala ndi magazi kapena thovu, nthawi yopita kuchipatala yakwana.